Kugula ndi kuyesa kamera yakale ya filimu, kuchokera pamsika mpaka pa negetivi

Kamera ya filimu imatha kunyezimira kunja, chikopa chake chosang'ambika, koma m'kati itafa kalekale. Ina imakhala yokalikakalika, utoto utasupuka m'makona, n'kumajambula bwinobwino. Maso okha sangakuuzeni kuti yanuyo ili mbali iti. Chimene chimagamula mlandu ndi filimu imodzi yomwe yadutsa m'kameramo, yatsukidwa, inu n'kuiyang'ana poyera. Ndiye ngati mukuyamba kumene kutolera makamera akale, musagule yachiwiri musanaone manegetivi (filimu yotsukidwa ija) a yoyamba. Alipo anthu amene ali ndi shelefu yodzaza koma sadziwa kuti ndi makamera angati pamenepo angathe kujambula.

Yambani ndi filimu ndi kotsukitsa

Musanafunse mtengo wa kamera, dziwani kumene mudzagule filimu ndi kumene mudzatsukitse. Masitudiyo ambiri anasiya kutsuka filimu atabwera makamera a digito, choncho funsani ndithu, osangoganiza kuti poti pakhomo palembedwa kuti amatsuka zithunzi ndiye kuti alandira filimu. Ku Cape Town, Johannesburg ndi London malo otsuka alipo, ndipo ena amalandira filimu pa positi n'kukutumizirani zithunzizo pa intaneti. Ngati muli kutali ndi malo otere, mudzadalira wachibale woyendayenda, apo ayi kuphunzira kutsuka nokha filimu yakuda ndi yoyera.

Mitundu iwiri ya filimu ndiyo ikupangidwabe mochuluka. Woyamba ndi 135, umene anthu amangouti 35mm. Kodak inautulutsa mu 1934 m'kachitini kake kotchinga kuwala, ndipo chithunzi chilichonse chimakhala 24 ndi 36 mm, zithunzi 24 kapena 36 pa filimu imodzi. Wachiwiri ndi 120, wa mu 1901, wokulungidwa m'pepala, umene umalowa m'makamera a malenzi awiri monga Rolleiflex ndi Yashica Mat-124G n'kupereka zithunzi 12 zokha za 6 ndi 6 cm. Yambani ndi 35mm. Ndi yosavuta kupeza, ndipo mukalakwitsa chithunzi chimodzi m'thumba simupweteka kwambiri.

Palinso makamera okongola omwe filimu yake inasiya kupangidwa. Kodak Instamatic ya mu 1963 inkadya filimu ya 126, ndipo timakamera ta APS ta cha m'ma 1996 filimu yake inathanso. Amenewa ndi oika pa shelefu basi. Makamera ambiri a Kodak Brownie amafuna 620, yomwe Kodak inasiya mu 1995, koma poti filimuyo ndi yofanana ndi 120, kusiyana chokulungirapo chokha, anthu amaikulunganso okha mu mdima. Mukapeza filimu ya Kodachrome m'kabati ya agogo, musaiike m'kamera poganiza kuti mupeza mitundu yake yotchuka ija: inasiya kupangidwa mu 2009, ndipo malo omaliza otsuka, Dwayne's Photo ku Kansas, anasiya kumapeto kwa 2010.

Sankhani kamera yoyamba

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kamerayi imajambula popanda batire? Pentax K1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, imayenda ndi masipuling'i ndi magiya okhaokha. Batire lake ndi la mita yoyezera kuwala basi, likatha mumajambulabe. N'chimodzimodzi Minolta SR-T 101 ya 1966, Olympus OM-1 ya 1972, Nikon FM ya 1977 ndi Nikon FM2 ya 1982. Canon AE-1, ngakhale inatuluka chaka chimodzi ndi K1000, popanda batire la 6V lotchedwa 4LR44 siichita kanthu, ndipo zamagetsi za m'kati mwake zikafa, kupeza wokonza ndi ntchito. Ine ndimati woyamba atenge yosadalira batire.

K1000 ndi yabwino, koma dzina lake lakwera kuposa kamerayo. Poti masukulu ambiri ojambula ankaphunzitsira iyo, aliyense amaifuna, mtengo n'kukwera. Pentax Spotmatic ya 1964 kapena Praktica ya ku Dresden, ku East Germany wakale, zimagwira ntchito yomweyo pa ndalama zocheperapo. Zenit-E ya ku Soviet Union ndi yolemera, pazenera pake posuzumira n'pamdima, liwiro la shutter yake (katani yotseguka kuti kuwala kufike pa filimu) limangoyambira 1/30 ya sekondi kulekezera 1/500, koma kawirikawiri imabwera ndi lenzi ya Helios-44 ya 58mm f/2, imene ena amagulira kamera yonseyo. Amene akufuna kakang'ono kongoloza n'kudina ayang'ane Olympus Trip 35, yopangidwa kuyambira 1967 mpaka 1984, imene siilowa batire n'komwe.

Kopeza n'kwambiri. Yambani kunyumba: amalume amene anagwirapo ntchito kunja, kapena bambo uja ankayenda pa njinga kujambula maukwati ndi ana a sukulu, mwina kamera yawo ili m'sutikesi mpaka lero. Kenako masitolo a katundu wakale, Facebook Marketplace, eBay, ndipo kwa amene ali ku Britain, masitolo a zachifundo ndi misika ya Lamlungu ija anthu amagulitsira katundu m'buti ya galimoto. Wogulitsa pa intaneti akalemba kuti sanaiyese, inu werengerani kuti ndi yowonongeka, mtengo wake ukhalenso wa yowonongeka.

Iyang'aneni musanalipire

Apa m'pofunika kudekha. Tengani tochi yaing'ono, mabatire awiri a LR44, foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kuwala, ndi filimu yakale yotha ntchito ngati muli nayo.

Inunkhizeni kaye. Fungo la chinyezi likutanthauza kuti yakhala ponyowa, ndiye muyembekezere chuku m'lenzi. Onani m'makona ngati mwaphwanyika, chifukwa kamera yogwa imatha kupindika m'kati. Mitu ya ma screw ikakhala yotafunika, wina anaitsegulapo ndi mpeni.

Tsegulani mokhala batire. Ufa woyera kapena wobiriwira ndi batire lomwe linaphulikiramo. Ukakhala pang'ono umachoka ndi thonje loviika mu viniga, koma ukakhala kuti wadya chitsulo, mwina wafika kale ku mawaya a m'kati.

Tsopano kokerani m'mwamba chopukusira filimu cha kumanzere kuti chitseko cha kumbuyo chitseguke. Mudzaona katani ya shutter, yansalu kapena ya timasamba tachitsulo. Musaikhudze ndi chala. Chotsani lenzi, ikani liwiro pa B, dinani n'kugwirabe batani: katani itseguke yonse, mukasiya itsekeke nthawi yomweyo. Kenako ikani pa 1, kutanthauza sekondi imodzi, mumvetsere. Kamera yabwino imalira mosalekeza kwa sekondi, n'kutseka. Yomwe mafuta ake anauma imayamba, n'kudodoma, n'kuima pakati, mwinanso osatseka mpaka mutaigwedeza. Pitirizani pa 1/2, 1/4, 1/8, mukwere mpaka pamwamba, liwiro lililonse likhale lalifupi kuposa lapitalo. Kuyambira 1/250 khutu silithandizanso, ndiye lozani kamerayo kukhoma loyera kapena kumwamba, diso lili kumbuyo, mudine. Muone kuwala kwa makona anayi athunthu kukung'anima. Mukaona theka lokha pa 1/1000, katani yachiwiri ikupeza yoyamba isanafike, ndipo zithunzi zidzatuluka zakuda mbali imodzi.

Katani yansalu iyeseninso ndi tochi. M'chipinda cha mdima, walitsani kutsogolo, kalirole wa kuseri kwa lenzi atakwezedwa ngati kamerayo imalola, inu muyang'ane kumbuyo, musanakoke filimu ndiponso mutakoka, popeza makatani ndi awiri. Kadontho kowala kalikonse ndi bowo.

Canon AE-1 ili ndi matenda ake odziwika: ukadina imalira mokwekwesa, anthu amati ikutsokomola. Ndi mafuta a magiya a kalirole amene auma. Imakonzeka, koma ndi chifukwa chabwino chonenerera.

Lenzi ndiyo imafuna tochi kwambiri. Itsegulireni aperture yonse (bowo la timasamba lolowera kuwala m'lenzi), walitsani kuchokera mbali ina, inu musuzumire mbali inayo mopendeketsa pang'ono, osati molunjika m'diso. Timafumbi tochepa musadandaule nato, lenzi iliyonse yakale ili nato ndipo sitioneka pa chithunzi. Choopsa ndi chuku, chomwe chimaoneka ngati ulusi wa kangaude woyambira m'mbali kulowera pakati. Chikakhalitsa chimadya galasi ndipo zipsera zake sizichoka. Chinanso ndi chifunga choyera chofalikira galasi lonse, chomwe chimachititsa zithunzi kutuluka zambuu. Zungulizani mphete ya aperture mpaka f/16, pomwe bowolo limachepa kwambiri, mukankhe kachitsulo ka kumbuyo kwa lenzi: timasamba titseke ndi kutseguka mwachangu. Tikamanyezimira mafuta kapena kubwerera mwaulesi, zithunzi zidzapsa ndi kuwala. Mphete ya focus, yosankhira mtunda umene chithunzi chionekere bwino, izungulire mosalala kuchokera pafupi mpaka kutali.

Pomaliza, mita. Ikani batire, lozani pawindo kenako pansi pa tebulo, singano iyende. Yerekezani ndi zimene foni ikunena pa khoma limodzimodzi. Zikasiyana pang'ono palibe vuto. Pa Trip 35 mayeso ake ndi osangalatsa: ikani pa A, phimbani kutsogolo konse kwa lenzi ndi dzanja, mudine. Kambendera kofiira kayenera kutulukira pazenera ndipo batani likane kutsika. Kakapanda kutuluka, ndiye kuti selenium yoyezera kuwala, yozungulira lenziyo, yafa kapena timasamba tamatirira. Komabe pa kamera yosadalira batire, mita yakufa si chifukwa choisiyira. Ndi chifukwa chotsitsira mtengo.

Iyeretseni, musinthe siponji

Makamera ambiri a ku Japan a m'ma 1970 ali ndi siponji yakuda m'timizere tozungulira chitseko, pa mahinji, ndi pamwamba pomwe kalirole amagunda. Patatha zaka zonsezi siponjiyo inasungunuka, inasanduka zomata zakuda, ndipo kuwala kumalowera pamenepo. Ntchito iyi mukhoza kuigwira nokha madzulo amodzi. Palani zomatazo ndi kamtengo kotokosera m'mano ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi spiriti yotchedwa isopropyl, mosamala kuti nyenyeswa zisagwere pa katani. M'timizere mwamo mukhoza kukanikiziramo ulusi wakuda wolukira majuzi, umagwira bwino ndipo susungunuka. Pa mahinji matanipo kachidutswa kopyapyala ka siponji yatsopano kapena nsalu yakuda yofewa.

Kalirole ndi galasi la pamwamba pake musazipukute, ingopemerani mpweya ndi kampira kopopera. Siliva wa kaliroleyo ali pamwamba penipeni, amakalika ndi nsalu. Ndipo mafuta opopera aja a zitseko ndi njinga asayandikire kamera. Amayenderera mpaka pa shutter ndi pa lenzi, kukonza kwake kumaposa mtengo wa kamerayo.

Nkhani ya batire ili ndi msampha umodzi. OM-1, SR-T 101 ndi ena a nthawi imeneyo anapangidwira batire la mercury la 1.35V lotchedwa PX625, lomwe linaletsedwa chifukwa cha poizoni wake. Lamakono lofanana kukula ndi la 1.5V, ndipo limasokoneza mita. Njira yotchipa ndi batire la 675 la zothandizira kumva, lomwe mphamvu yake ndi pafupifupi 1.4V, loikidwa ndi kamphete kuti lisagwedere. Vuto lake n'lakuti limatha m'miyezi yochepa mukamatula kapepala kake. K1000 imangofuna LR44 kapena SR44, koma ilibe pozimitsira: mukasiya lenzi yosavindikira, mita imadya batire.

Filimu yoyesera

Gulani filimu yatsopano yotchipa, monga Kodak Gold 200 kapena ColorPlus 200, kapena Kentmere ndi Fomapan ngati mukufuna yakuda ndi yoyera. Musayesere filimu yomwe inapitirira tsiku lake, chifukwa zithunzi zikaipa simudzadziwa ngati wolakwa ndi kamera kapena filimu. Musayeserenso pa ukwati wa mlongo wanu.

Ikani filimuyo pamthunzi. Lowetsani lilime lake m'kampata ka chokulungira cha kumanja, kokani kamodzi chitseko chili chotsegula, muone kuti mano a giya alowa m'timabowo ta m'mbali. Tsekani, zungulizani chopukusira cha kumanzere pang'onopang'ono mpaka mumve kuti filimu yakungika, kenako kokani ndi kudina kawiri kufika pa 1. Nthawi iliyonse mukakoka, chopukusiracho chizizungulira chokha. Chikangokhala chete, filimu sinagwire, ndipo mudzajambula zithunzi 36 pa mphepo. Ikani nambala ya ISO, yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala, pa kamera kuti ifanane ndi ya pa bokosi.

Tengani kope ndi cholembera. Chithunzi chilichonse mulembe nambala yake, liwiro ndi aperture. Popanda zimenezi manegetivi sadzakuuzani kanthu.

Zithunzi 6 zoyamba ndi za shutter. Pezani khoma lopanda zolembalemba pamthunzi, masana dzuwa lisakusinthasintha. Ndi filimu ya ISO 200, jambulani khomalo pa 1/1000 ndi f/2.8, 1/500 ndi f/4, 1/250 ndi f/5.6, 1/125 ndi f/8, 1/60 ndi f/11, 1/30 ndi f/16. Kuwala kofika pa filimu n'kofanana pa zonsezi, ndiye manegetivi ake ayenera kuda mofanana. Kenako yesani focus: ndandalikani mabotolo 5 patebulo, lina patsogolo pa linzake, imani mita imodzi kuchokera pa lapakati, tsegulani aperture yonse, ikani focus pa lapakatilo. Jambulaninso phiri kapena mlongoti wakutali. Pofuna kugwira kuwala kolowa mozemba, vindikirani lenzi, kokani filimu, siyani kamerayo padzuwa mphindi zingapo mukuitembenuza mbali zonse, mudine chivindikiro chili pomwepo. Chithunzi chimenecho chiyenera kutuluka chopanda kanthu.

Zotsalazo jambulani za tsiku ndi tsiku. Ngati mita ndi yakufa, pali lamulo lakale: padzuwa lowala bwino ikani f/16, liwiro likhale loyandikana ndi nambala ya filimu, ndiye kuti 1/250 pa ISO 200. Kukakhala timitambo f/11, mitambo yophimba f/8, pamthunzi f/5.6. Mukakayika, onjezerani kuwala. Filimu ya negetivi imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa.

Filimu ikatha, kokoka kamalimba. Musakakamize, mungaidule. Dinani kabatani ka pansi pa kamera, pukusani motsata muvi mpaka mumve kuti yapepuka, kenako mutsegule.

Werengani manegetivi

Kotsukitsako nenani kuti mukufuna manegetivi anu abwere, osati zithunzi za pa kompyuta zokha. Makina osikana amawongola okha kuwala kwa chithunzi chilichonse, motero amabisa matenda a kamera. Gwirani manegetiviwo m'mbali, muwayang'ane pawindo.

Filimu ikatuluka yoyera yonse koma manambala ndi dzina la kampani za m'mbali zikuoneka, kutsuka kunayenda bwino, vuto ndi lakuti filimu sinayende kapena shutter sinatseguke. Ikakhala yoyera popanda ngakhale manambalawo, cholakwika chinachitika potsuka. Pa zithunzi 6 za khoma zija, chimene chada kwambiri kuposa zinzake chikusonyeza liwiro lomwe likuchedwa, ndipo chimene mbali imodzi yayera chikusonyeza katani yopezana ija. Zithunzi zokwerana ndi vuto la giya yokoka filimu. Mzere wowongoka woyenda filimu yonse ndi kamchenga kapena dzimbiri pa njira ya filimu.

Kuwala kolowa mozemba kumaoneka ngati banga lakuda pa negetivi, lofiira kapena lachikasu pa chithunzi. Likadutsa malire a chithunzi mpaka pa timabowo, lalowera kuchitseko, bwererani ku siponji. Likathera m'kati mwa chithunzi, yang'anani katani. Kumbukirani kuti m'kamera chithunzi chimakhala chozondoka, ndiye banga la kumwamba kwa chithunzi likuchokera kumunsi kwa kamera. Botolo loonekera bwino likakhala la kutsogolo kapena kumbuyo kwa limene munasankha, kalirole kapena galasi la focus zasuntha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Amene akufuna kutsuka okha ayambe ndi yakuda ndi yoyera: kathanki ka Paterson, thumba lamdima lolowetsamo manja, mankhwala monga Rodinal kapena D-76, fixer yokhazikitsa chithunzi pa filimu, ndi choyezera kutentha. Nthawi zolembedwa pa mabokosi zimawerengera madzi a madigiri 20, choncho m'chilimwe cha October, makamaka ku Chikwawa kapena kunyanja, madzi a pampopi muyambe mwawaziziritsa ndi ayezi. Yamitundu imatsukidwa ndi mankhwala a C-41 pa madigiri pafupifupi 38 osasinthasintha, isiyireni a makina poyamba.

Kusunga ndi kuwonjezera

Mdani wamkulu ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja. Kamera isakhale m'chikwama chake chachikopa, chikopa chimasunga chinyezi. Iikeni pamalo podutsa mpweya ndi kuwala, kapena m'kontena yotseka bwino yokhala ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, koma muzitiumitsa pafupipafupi poti tikakhuta madzi sitigwiranso ntchito. Lenzi ya chuku ikhale payokha. Chotsani batire, siyani shutter yosakoka, ndipo kamodzi pa mwezi idineni pa liwiro lililonse kuti mafuta asaume. Filimu yosajambula ikhale mu furiji m'pulasitiki yomanga, muziitulutsa ola limodzi kapena awiri musanatsegule. Pa bwalo la ndege isalowe m'katundu wopita pansi pa ndege, ndipo pamene pali makina atsopano ounikira katundu otchedwa CT pemphani kuti aiyang'ane ndi manja, chifukwa makinawo amaononga filimu ngakhale itadutsa kamodzi.

Pofika pogula yachiwiri, ganizani za polumikizira lenzi. Spotmatic, Praktica zambiri ndi Zenit-E zambiri ndi za M42, lenzi yopotokola, ndiye lenzi imodzi imayenda pa onse atatu ndipo mukhoza kuyerekeza Takumar ya ku Japan, Helios ya ku Soviet Union ndi Carl Zeiss Jena pa filimu imodzi. Mukapeza Super-Takumar 50mm f/1.4 yomwe galasi lake lachita chikasu, si dothi: magalasi ena a nthawi imeneyo anali ndi chitsulo cha thorium, ndipo chikasucho chimachepa mukaiika pa kuwala kwa dzuwa kwa masiku angapo. Amene akudandaula mtengo wa filimu aganizire Olympus Pen, imene Yoshihisa Maitani anapanga mu 1959, yogawa chithunzi pawiri n'kupereka 72 pa filimu ya 36.

Mukakopeka ndi FED kapena Zorki, makamera a ku Soviet Union otengera Leica ya ku Germany, pali malamulo awiri. Kokani filimu kaye musanasinthe liwiro, chifukwa kusintha musanakoke kumatha kuthyola zam'kati. Ndipo musaisiye itayang'ana dzuwa lenzi ili yosavindikira: mulibe kalirole wotchinga, kuwala kumasonkhana pa katani yansaluyo n'kuiboola.